Mlekeni Mwana Apite, Bola Njira Yobwerera Ikhale M'manja Mwake

Lamulungu lapitali, titaweruka ku tchalitchi, mlongo wanga adandiitanitsa kunyumba kwake ku Area 5, ku Machinjiri konkuno, kuti ndikaweruze mlandu. Woimbidwa mlanduwo anali mwana wake wamkazi amene ali m'chaka chomaliza pa sukulu ya ukachenjede ya pa Chichiri, ija ife akale tikuitchabe Poly ngakhale idasintha dzina m'chaka cha 2021. Akuphunzira za madzi ndi ukhondo. Mlandu wake ndi wakuti wayamba kusonkhanitsa mapepala ofunsira malo oti akagwire ntchito yodzipereka kunja kwa dziko lino kwa chaka chathunthu.

"Achimwene, muuzeni mwana wanuyu," adatero mai akewo. "Ine ndakazinga mandasi ndi kugulitsa makala zaka zinayi kuti aphunzire. Lero akuti akagwire ntchito yaulere kwa eni ake, chonsecho ang'ono ake akudikira fizi pakhomo pano. Ndiponso inu mukudziwa zimene zikuwachitikira atsikana kunjako."

Mphwangayo sadachulutse mau. Adangoti, "Amalume, ana a eni ake akabwera kuno kudzathandiza timawaombera m'manja. Nanga ine ndikafuna kupita kwina kukathandiza, chalakwika n'chiyani?"

Monga mwini mbumba, onse ankayembekeza kuti ndigamula kuti zimenezi zitheretu pomwepo. Sindidatero. Ndipo popeza ndikudziwa kuti mkangano womwewu uli m'makomo ambiri ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, ndaganiza kuti ndifotokoze poyera chifukwa chake.

Poyamba ndinene kuti mlongo wanga sakulota. Mantha ake ali ndi gwero, ndipo amene angawaseke ndiye kuti mbiri ya dziko lino sakuidziwa. Kuno kwathu mau akuti kuthandiza ndi kudzipereka adaipitsidwa kalekale ndi anthu amene ankafuna thukuta lathu laulere. Thangata poyamba anali mau abwino. Ankatanthauza kuthandizana kwa anthu a mudzi umodzi, lero kumunda kwa uyu, mawa kwa uyo. Atsamunda atatenga minda ya kuno ku mapiri a Shire adalanda mauwo n'kuwasandutsa goli, munthu kulima miyezi yathunthu osalandira kanthu kuti asathamangitsidwe pa nthaka ya makolo ake. Chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidadzutsa John Chilembwe mu 1915, ndipo thangatayo adatsala mpaka mu 1962.

Titadzilamulira tokha tidaganiza kuti zatha. Koma amene mudalipo mukukumbukira. Chaka ndi chaka kunkakhala sabata ya achinyamata, ana asukulu atanyamula makasu ndi zikwanje, wailesi n'kumalengeza kuti adzipereka okha. Tinkasonkha mazira, nkhuku ndi ndalama za mphatso ya Ngwazi, amvekere tapereka mwa kufuna kwathu. Amai athu ankanyamulidwa pa malole kukavina, kusiya ana ndi minda. Khadi ya chipani inkagulidwa "mwaufulu" pa chipata cha msika, achiswe ataimirira pambali. Apayoniya, amene adayamba ndi dzina lokoma lotukula dziko, adafika poti asilikali adachita kuwalanda zida mu Disembala 1993. Tsono munthu amene adakula m'nthawi imeneyo akamva kuti mwana wake akukagwira ntchito yodzipereka, m'makutu mwake mumamveka thangata. Ndingamudzudzule bwanji?

Mantha achiwiri ndi a ulendo weniweniwo. A Malawi takhala tikuyenda kuyambira kale, koma nthawi zambiri tayenda ngati katundu. Malo okwerera basi mu Blantyre muno mpaka lero timawatcha pa Wenela, dzina la bungwe limene linkalemba azibambo athu kupita ku migodi ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodiko idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha a Malawi oposa 70. Kamuzu adatseka ulendowo ndi mau amodzi, adautsekulanso mu 1977, ndipo pofika mu 1988 za Theba zidatheratu. Pa zonsezi palibe amene adafunsa mwini thukuta. Ena mwa amene adapita sadabwerenso, tidangowatcha matchona.

Za masiku ano nazo sizitonthoza mtima wa kholo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili m'kati. Mu Marichi 2024 wailesi ya BBC idaulula za amai a ku Malawi amene adanamizidwa kuti akapeza ntchito zabwino, n'kukathera ku Oman ngati akapolo a m'nyumba, mapasipoti atalandidwa. Oposa 50 adapulumutsidwa, makamaka chifukwa cha khama la mai wina wa ku Malawi wokhala ku America amene adawasonkhanitsa pa WhatsApp. Mlongo wanga nkhani zimenezi adazimva, ndipo akamuyang'ana mwana wake amaona mmodzi wa iwo.

Nanga bwanji sindidaletse? Chifukwa pa zonse ndatchulazi palibe ngakhale chimodzi chimene chili ntchito yodzipereka. Muyeso wake ndi umodzi ndipo ndi wosavuta. Wodzipereka ndi munthu amene angathe kunena kuti ai, n'kunyamula chikwama chake kubwerera kwao popanda womugwira. Wa thangata sakadatha. Mai wovina pa bwalo la Kamuzu sakadatha. Mtsikana wa ku Oman sakadatha. Ngati mphwanga akupita kumene angathe kukana ndi kubwerera, ndiye kuti akuchita chinthu chimene ife a m'badwo wakale tidamanidwa, ndipo kumuletsa kungakhale kumulanga chifukwa cha machimo a anthu ena.

Tiyeni tione funso lake lija, pakuti ndi funso lolemera. Kwa zaka zoposa 60 dziko lino lakhala likulandira ana a eni ake. A Peace Corps a ku America, bungwe limene John Kennedy adakhazikitsa mu 1961, adafika kuno mu 1963 tisanalandire n'komwe ufulu. A VSO a ku Mangalande adatsatira mu 1964, ndipo a ku Japan adayamba kubwera mu 1971. Ambiri a ife amene tidalowa sekondale m'zaka zimenezo masamu ndi sayansi tidaphunzitsidwa ndi anyamata ndi atsikana amenewa, amene anali atangotuluka kumene m'makoleji a kwao. Akuluakulu akukumbukira nyimbo ya Ufa wa Mtedza imene inkamveka pa wailesi kulimbikitsa amai kutsira nsinjiro m'phala la ana. Adaipeka ndi Jack Allison, mnyamata wa Peace Corps amene adaphunzira chilankhulo chathu. Pa Soche Hill pompa padaphunzitsa Paul Theroux, amene boma lidamuthamangitsa mu 1965 atathandiza banja la David Rubadiri, kazembe wathu woyamba ku America amene adasemphana ndi Kamuzu. Boma la chipani chimodzi silinkagona nawo tulo achinyamatawa chifukwa ankalankhula ndi anthu wamba mosaopa, ndipo panali zaka zina zimene ntchito yao idaimitsidwa mpaka idayambiranso mu 1978.

Adatithandiza, inde. Koma tisanamizane, amene adapindula kwambiri ndi iwo eni ndi maiko awo. Theroux adachoka kuno n'kukhala mlembi wa mabuku wodziwika pa dziko lonse, ndipo mbeu ya ulembi wakewo mbali ina adaitola pa Soche. Anzake ambiri adabwerera kwao atadziwa chilankhulo china, atazolowera kugwira ntchito popanda zipangizo, atadziwa m'mene anthu osauka amaganizira, ndipo adakhala madokotala, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi akuluakulu a mabungwe amene lero amabwera kudzatiuza za chitukuko. Maboma awo sataya ndalama pa ntchitoyi chifukwa cha chifundo chokha. Amadziwa kuti mwana woyenda amabwera ndi nzeru. Paja akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma adaiwala kunena kuti kalumoko amakanolera pa mwala wa eni mudzi n'kubwerera nako kwao. Ndiye ife tidalakwanji kuti ana athu akhale mwala wonolerapo mpaka kalekale?

Ena amati a Malawi ndife osauka, tilibe choti tingapereke kwa ena. Awa ndi mau a munthu amene wazolowera kutambasula dzanja mpaka waiwala kuti dzanja lomwelo limathanso kupatsa. Mbiri yathu ikuwatsutsa. Mu 1876 William Koyi, mnyamata wachikuda wa ku South Africa, adadzipereka kuchoka ku sukulu ya Lovedale kudzagwira ntchito ndi mishoni ya Livingstonia, ndipo ndi iye amene adatsekula njira yolankhulana ndi Angoni a kwa M'mbelwa chifukwa ankamva chilankhulo chao. Adamwalira konkuno mu 1886. Ife nafe tidatumiza athu. Lewis Bandawe wa mishoni ya Blantyre adakhala zaka zambiri pakati pa Alomwe ku Mozambique akuphunzitsa ndi kumasulira Chipangano Chatsopano. Cha m'ma 1905 mphunzitsi wina wa ku Livingstonia, David Kaunda, adapita ku Chinsali m'dziko limene lero ndi Zambia kukatsekula sukulu pakati pa Abemba. Mwana wake Kenneth, wobadwa mu 1924, ndiye adadzakhala mtsogoleri woyamba wa dzikolo.

Inu anzanga amene tidabisala limodzi ku Lusaka, taganizani bwino pamenepa. Pamene kwathu kudatentha, tidakapeza mthunzi m'dziko lolamulidwa ndi mwana wa mphunzitsi wa ku Malawi amene adasiya kwao kukathandiza alendo. Sunali mthunzi wokwana, pakuti imfa inkatilondola komweko monga tidaonera pa mtolankhani Mkwapatira Mhango amene adaotchedwa m'nyumba pamodzi ndi banja lake mu 1989. Komabe ambiri tidapulumukira kumeneko. Kupatsa n'kuika. Mphunzitsi uja adaika, ife tidakatola patapita zaka 70.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandikhudza ine mwini. Ndidatuluka m'dziko muno wapansi, usiku, kudzera m'tchire la ku Mchinji, wopanda chiphaso chilichonse, chifukwa masiku amenewo pasipoti inali mphatso ya boma kwa amene lawakonda. Ndidabwerera mu 1993, a Malawi atavotera nyali pa 14 Juni ndipo boma litakhululukira othawa. Bambo anga adaikidwa m'manda ine kulibe. Pamene malamulo atsopano a dziko lino adalembedwa, mudalowa ndime 39 imene ikunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wotuluka m'dziko muno ndi kubwereramo. Kwa ena awa ndi mau chabe a pa pepala. Kwa ife ndi zaka za moyo wathu. Ndiye ine, amene ndidalira ufulu umenewu kwa zaka zonse zija, ndisanduke lero mlonda wa pa chipata kwa mwana wa mlongo wanga? Demokalase imene timaifuna ku Nyumba ya Malamulo koma n'kumaikana pakhonde pathu ndi yachinyengo.

Koma kulola sikutanthauza kutsinzina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo masiku ano nyererezo zimavala jekete ndi kulemba Chingerezi chabwino pa Facebook. Choncho tsiku lomwelo tidakhala pansi atatu, ine, mai ake ndi mwini nkhani, kusanthula makomo amene alipodi.

Khomo limene iye akuliyang'ana ndi la bungwe la mgwirizano wa maiko a mu Africa, African Union, limene mu Disembala 2010 lidakhazikitsa ku Abuja m'dziko la Nigeria gulu la achinyamata odzipereka. Amatenga achinyamata osapitirira zaka 35 amene adamaliza maphunziro a ku koleji, n'kuwatumiza kwa miyezi 12 kukagwira ntchito m'dziko lina la mu Africa momwe muno. Khomo lina ndi la United Nations, imene ili ndi nthambi ya odzipereka kuyambira mu 1970, likulu lake lili ku Bonn. Dziko la Germany nalo kuyambira mu 2013 lidayamba kulandira achinyamata ochokera ku maiko ngati athu kudzera mu ndondomeko yao ya weltwärts, ndipo Norway ili ndi dongosolo losinthana antchito achinyamata pakati pa mabungwe. Makomo amenewa ndi opapatiza, ofunsira ndi ambiri, ndipo ena adatsekeka. Ndondomeko ya ku Mangalande imene inkaphatikiza achinyamata ao ndi athu m'midzi muno idatha mu 2020. Mu 2024 ife tidachotsera viza anthu a m'maiko 79, America ndi Mangalande ali momwemo, koma mu 2025 America idalengeza kuti a Malawi ndi a Zambia ofuna viza yokacheza azisiya chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Apa mwana wa ku Machinjiri aphunzirepo kuti kunja si ku London ndi ku New York kokha. Addis Ababa, Accra, Kigali ndi Maputo ndi kunjanso, ndipo mavuto a madzi ndi ukhondo a kumeneko ndi apachibale ndi athu. Zimene akaphunzire uko zikagwira ntchito kuno mosavuta kuposa za kumene madzi satseka pa mpopi.

Tidagwirizananso mafunso amene ayenera kuyankhidwa asanasaine chilichonse, ndipo ndikuwapereka kwa kholo lililonse lowerenga tsamba lino. Kodi bungwelo lili ndi ofesi yodziwika imene munthu angapiteko ndi miyendo, kapena ndi nambala ya foni chabe? Kodi likufuna ndalama kuti likulembe? Mabungwe a African Union ndi United Nations salipiritsa munthu pofunsira malo, tsono amene akuti tumizani kaye ndalama ya fomu pa foni m'dzina lao ndi mbala. Kodi pali kalata ya mgwirizano yonena ntchito yake, malo ogona, ndalama ya chakudya, za kuchipatala akadwala, ndi tsiku lobwerera? Tikiti yobwerera alipira ndani, ndipo atafuna kubwera nthawi isanakwane chingachitike n'chiyani? Viza yake ndi ya ntchito imene akukagwirayo, kapena akumuuza kuti alowe ngati mlendo zina zikakonzedwa konko? Ndipo funso lalikulu pa onse: pasipoti idzakhala m'manja mwa yani? Aliyense wonena kuti adzakusungira pasipoti, ngakhale atamwetulira bwanji, ameneyo ndi kapitao wa thangata. Safunsa adadya phula.

Pali chinthu china chimene mphwangayo adachipeza yekha powerenga zoyenereza, ndipo chidandikondweretsa kuposa zonse. A African Union amafuna umboni wakuti munthu adagwirapo kale ntchito yodzipereka kwa chaka, ndiponso kuti adagwirapo ntchito ya luso lake kwa chaka china. Ndiye kuti ulendo wa ku Addis Ababa suyambira pa bwalo la ndege la Chileka. Uyambira pa chitsime cha ku Area 5. Ndipo apa ana athu sali kumbuyo monga amaganizira. M'mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, iye ndi anzake a ku tchalitchi ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, amene adayamba kufukula anthu m'matope ndi makasu ndi manja anali achinyamata a m'makwalala momwemo, akunja asanafike. Namondweyo adapha anthu oposa 1,000. Palibe adawatuma anyamata aja, palibe adawalipira, ndipo aliyense akadatha kubwerera kunyumba. Kudzipereka kwenikweni ndi kumeneko.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri a iwo alibe ngakhale kapepala kosonyeza zimene adachita. Mwana wa ku Ulaya akakhala kuno milungu itatu kupenta khoma la sukulu amabwerera ndi setifiketi ndi zithunzi, ndipo zimamutsekulira makomo. Wathu amene adanyamula mitembo ku Chilobwe akafunsidwa ngati adagwirapo ntchito yodzipereka amayankha kuti ai, chifukwa iye amangoona ngati udali umunthu chabe. Inu abusa, mashehe, mafumu a m'matauni, akuluakulu a zipatala zazing'ono ndi a mabungwe, lembani maina a ana amene amakuthandizani, masiku amene agwira ndi ntchito imene achita, ndipo muwapatse makalata okhala ndi chidindo. Sizifuna thandizo lochokera kunja zimenezi. Zifuna cholembera ndi mtima.

Tsopano za ndalama, pakuti apa ndi pamene mlongo wanga adalimbikira, ndipo sindidamunamize. Wodzipereka salemera. Amalandira yongokwanira kudya, kugona ndi kuyendera, mwina n'kutsala pang'ono. Amene akuganiza kuti mwana akapita adzatumiza malata ndi simenti ayembekeze kukhumudwa. Koma ndidamufunsa kuti ayang'ane m'mwamba ndi m'munsi mwa msewu wao, awerenge ana amene adamaliza digiri zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Angati ali pa ntchito? Timawaona m'mawa uliwonse akukwera minibasi ya ku Limbe atanyamula envelopu ya khaki, madzulo n'kubwera nayo. Kulikonse akuwauza kuti tikufuna wodziwa kale ntchito. Ena adagula njinga yamoto ya ngongole, ali pa kabaza. Tsono kusankha kwa mphwanga sikuli pakati pa ntchito ya malipiro ndi ntchito yaulere. Kuli pakati pa chaka chophunzira ntchito kwinaku akuthandiza anthu, ndi chaka chokhala pa khonde kudikira foni. Za fizi ya ang'ono ake, ndidavomera kuti chaka chimenecho ndisenza ndine pamodzi ndi mchimwene wake wamkulu. Umalume si kugamula milandu kokha.

Funso lotsiriza la mai ake lidali lakuti, nanga akakatchona? Ili ndi funso loona. Tidaona anamwino athu ambiri akupita ku Mangalande kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zipatala zathu n'kutsala pa mphepo. Sindingalonjeze kuti mwana aliyense wopita adzabwera. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu sasungidwa kwao ndi unyolo. Kamuzu adayesa, ndipo zotsatira zake zidali zakuti madokotala, maloya ndi aphunzitsi athu abwino adakakalambira ku Dar es Salaam, ku Kampala, ku Lusaka ndi ku Gaborone. Zinthu zitasintha ambiri tidabwera tokha popanda wotikoka. Rubadiri yemwe uja adabwerera n'kudzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi mu 2000. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwana amabwerera kumene akudziwa kuti akalandiridwa ndi kuti luso lake likagwira ntchito. Ngati tikuopa kuti ana athu satibwerera, tisakonze loko wa pa chitseko, tikonze nyumba.

Pa chifukwa chimenechi ndili ndi mau kwa aboma, a chipani chilichonse chimene chingakhale pa mpando. Pasipoti si chifundo chanu, ndi ufulu wa nzika. Mu Febuluwale 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, mtsogoleri wa nthawiyo Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti makina adalowedwa ndi akuba a pa kompyuta. Malo a ntchito yodzipereka sadikira munthu. Mwana akasankhidwa pakati pa anzake a mu Africa yense n'kulephera kunyamuka chifukwa cha kabuku, dziko lonse laluza. Chachiwiri, lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu lidakhazikitsidwa mu 2015. Ligwire ntchito, ndipo maina a mabungwe ololedwa kutumiza anthu kunja azilengezedwa pa wailesi m'zilankhulo zathu kuti mai wogulitsa mandasi athe kusiyanitsa nkhosa ndi fisi. Chachitatu, chaka chimene munthu wagwira ntchito yodzipereka, kuno kapena kunja, chiziwerengedwa polemba anthu ntchito m'boma. Dziko la Nigeria lidayamba mu 1987 kutumiza aphunzitsi, anamwino ndi akatswiri ake kukathandiza maiko ena. Ife sitingafike pamenepo lero, koma tingayambe ndi kusatchinga njira ya amene adzipezera okha mwai. Ndipo chonde, tikanena za achinyamata odzipereka sitikunena za anyamata odzipaka penti ya chipani pa misonkhano. Njira imeneyo tidaiyenda kale ndipo tikudziwa kumene imathera.

Kwa iwe mphwanga, ndi anzako onse amene mukudzaza mafomu usiku magetsi akabwera, mau anga ndi awa. Kumene ukupitako ukakhala mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Usakapite ngati mpulumutsi. Wakhala ukuona wekha m'mene zimawawira alendo ena akamajambula ana athu amamina ngati nyama za ku Liwonde, osafunsa ngakhale dzina. Usakachite zomwezo kwa ana a eni ake. Ukaphunzire moni wao, ukadye chakudya chao, ukafunse usanalangize. Amene timawakumbukira mwa odzipereka onse amene adabwera kuno ndi aja adaphunzira kulankhula nafe. Ndipo tsiku limene udzaone kuti zimene adakulonjeza si zimene ukuziona, usachite manyazi. Nena kuti ai, nyamula chikwama, bwera. Sipadzakhala wokuseka pakhomo pano.

Sindinganene kuti mlongo wanga adakhutira. Pamene ndinkatsanzika anali chete, akupukuta mbale imene inali youma kale. Koma atandiperekeza pa msewu adandiuza zinthu ziwiri zimene akufuna: kuti kalata ya mgwirizanoyo ikadzabwera ndidzamuwerengere ndime ndi ndime m'Chichewa, ndiponso kuti chithunzi cha pasipoti ndi nambala ya ofesi ya kazembe wathu wapafupi ndi kumene mwanayo akupita zidzatsale m'Baibulo lake. Ndidavomera zonse ziwiri. Mai anga ine sadapatsidwe mwai wopempha ngakhale chimodzi mwa zimenezi usiku umene ndidachoka.